Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zaulimi, Nduna ya Zamalonda ndi Khonsolo ya Ntcheu: Mlimi Wosatha Kukana Mtengo Sali pa Ufulu

Olemekezeka Nduna ya Zaulimi, Olemekezeka Nduna ya Zamalonda, a Bwanamkubwa ndi makhansala onse a boma la Ntcheu,

Ndikulemba kalata ino ndili kumudzi kwathu kufupi ndi msika wa Lizulu, pamene msewu waukulu wa M1 ndiwo malire a dziko lino ndi Mozambique, kotero kuti munthu akawoloka phula amakhala walowa dziko lina. Ndine mlimi wa mbatata ya kachewere (mbatatesi), nyemba ndi chimanga, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala mlembi wa kalabu ya alimi a m'dera lathu. Udindo umenewu ndi waung'ono, koma wandipatsa mwayi woona m'kaundula wathu mitengo imene anzanga amagulitsira zokolola zawo, mwezi umene amagulitsa, ndi chimene chimawakakamiza kugulitsa mweziwo. Ndasankha kulemba poyera chifukwa mkangano wa momwe misika iyenera kuyendera umachitikira pa wailesi, m'mahotela ndi m'Nyumba ya Malamulo, pomwe ife osenza zotsatira zake timangomva chigamulo chitatuluka kale.

Mkanganowo ndimaudziwa. Pali amene amati boma lichotse dzanja pa malonda, wogula ndi wogulitsa azimvana okha, popeza mtengo ndiwo umauza mlimi chimene anthu akufuna kuti alime, ndiponso umauza wamalonda kumene katundu akusowa. Pali enanso amene amati kusiya osauka pa msika wopanda mlonda n'kusiya anapiye pabwalo kabawi akuzungulira, motero boma lizigula, lizigulitsa ndi kuika mitengo monga zinkakhalira kale. Ineyo ndalima pansi pa njira zonse ziwiri, ndipo chimene ndikufuna kuika pamaso panu ndi ichi: kwa munthu wa kumudzi, ufulu wa pa msika ndi mphamvu yotha kukana. Mlimi amene angathe kumva mtengo, n'kupukusa mutu, n'kubwerera ndi katundu wake kukadikira sabata ina kapena wogula wina, ameneyo ndi mfulu. Amene sangathe kutero amangolandira chimene wapatsidwa, ngakhale mabuku a malamulo atamulemba kuti ndi mfulu.

Lolani ndikufotokozereni mmene tsiku la msika limayendera kwa mlimi wa mbatatesi. Amakumba dzulo lake, atalemba aganyu amene wawalonjeza kuti awalipira akagulitsa. M'bandakucha amapangana ndi mwini ngolo kuti atsitse matumba kumsewu. Opikula ochokera ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Zomba amafika ndi magalimoto awo, ndipo popeza ndi ochepa, odziwana, komanso aliyense ali ndi foni yomuuza mtengo wa m'tauni m'mawa womwewo, mtengo umene woyamba watchula ndi womwenso wachiwiri ndi wachitatu amatchula. Mlimi akakana m'mawa, masana mtengo umatsika, chifukwa onse akudziwa kuti kubweza matumbawo kumudzi n'kulipiranso ngolo, kuti aganyu akudikira pakhomo, ndi kuti mbatatesi zokumbidwa kale zikakhala padzuwa zimabiriwira, zikakhala m'chinyezi zimawola. Wa matimati ndiye ali pamoto woposa, pakuti katundu wake sagona masiku ambiri. Dzuwa likapendeka, mawu akuti "tengani" amatuluka okha.

Pambali pa mtengo pali muyeso. Mbatatesi zambiri sizikwera pa sikelo. Zimagulidwa pa chidebe kapena pa thumba, ndipo thumba la wopikula limabwera litalumikizidwa chigamba pamwamba kuti litalike, n'kudzazidwa mpaka kuchita kulukira chingwe pakamwa pake. Chaka china ndidagulitsa matumba 12 kwa munthu wina wamalonda, ndipo nditawerenga zidebe zimene zidalowamo ndidapeza kuti zikadadzaza matumba 16 a masiku onse. Sadandibere mobisa. Zonse zidachitika ndikuona, ndipo ndidavomera chifukwa mwana wanga anali atagonekedwa m'chipatala. Wamalondayo sindimutenga ngati mdani, pakuti iyenso amagula mafuta a galimoto pa mtengo wokwera, nthawi zina atagona pamzere, amataya katundu akawola panjira, ndipo popanda iye mbatatesi zathu sizikadafika pa chiwaya cha tchipisi ku Ndirande kapena ku Kawale. Kusiyana kwathu n'kwakuti iye angathe kuchoka osagula, pomwe ine sindingathe kuchoka osagulitsa.

Amene amalakalaka masiku a ADMARC yakale ndikuwapempha kuti tikumbukire zonse, zokoma ndi zowawa. Bungweli lidakhazikitsidwa mu 1971 m'malo mwa Farmers Marketing Board, ndipo kwa zaka zambiri ndilo lokha linali ndi mphamvu yogula mbewu zikuluzikulu za alimi ang'onoang'ono. Msika wake unali pafupi, malipiro anali a pompopompo, ndipo m'mwezi wa Febuluwale chimanga chinkagulitsidwa pa mtengo umodzi kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Makolo athu sanama akamakumbukira zimenezi. Koma n'zoonanso kuti bungwelo linkagula fodya, thonje ndi mtedza pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene linkagulitsira kunja, ndipo gawo lalikulu la phindu lidapita kukakuza maesiteti ndi makampani a anthu ochepa. Lamulo la Special Crops Act linkaletsa mlimi wa kumudzi kulima fodya wa bale, mbewu imene inali ndi ndalama, kufikira 1990, kotero kuti wofuna kukhudza fodyayo ankayenera kukakhala tenanti pa esiteti ya munthu wina. Masiku amenewonso mlimi sankatha kukana, chifukwa wogula anali mmodzi, woikidwa ndi lamulo.

Mu 1987, potsatira ndondomeko zimene boma lidagwirizana ndi World Bank ndi IMF, amalonda wamba adaloledwa kugula mbewu kwa alimi, ndipo misika yambiri ya ADMARC ya kumidzi idatsekedwa. Mu 1994 mphamvu ya kwacha idasiyidwa kuti iziyendera msika, ndipo m'zaka zomwezo sabuside ya feteleza idachotsedwa. Tidapindulapo, ndipo sindibisa: lero ndingalime chimene ndikufuna ndi kugulitsa kwa amene ndikufuna, ndipo misika ngati ya Lizulu, Tsangano ndi Chimbiya ku Dedza idakula ndi ufulu umenewo. Koma walira mvula walira matope. Chitseko cha msika chidatsegulidwa zinthu zochirikiza msika zisanamangidwe, monga misewu yodalirika, mosungira zokolola, sikelo yachilungamo ndi ngongole yopiririka, ndipo zambiri mwa izo sizidamangidwebe mpaka lero. Gawo 29 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wochita malonda, wogwira ntchito ndi wodzipezera zofunika pa moyo paliponse m'Malawi, ndipo gawo 13 limalamula boma kulera chuma cha msika pamodzi ndi kuika ndalama pa umoyo, maphunziro ndi chitukuko. Chinthu choleredwa sachitaya kutchire kuti chidzionere, komanso sachimanga miyendo.

Tsopano ndifike pa chimene chimandiwawa kwambiri, ndipo chikukhudza inu a Nduna awiri. Ufulu wa msika m'dziko muno umagwira mbali imodzi. Ndikamagula feteleza, mbewu ndi mankhwala opopera chiwawu, ndimauzidwa kuti mtengo ukuchokera ku msika wa dziko lonse lapansi ndipo palibe angauletse. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya m'masitolo idakwera sabata yomweyo, ndipo thumba la feteleza limene mu 2020 silinkafika K25,000 lidadzadutsa K100,000. Tidapirira chifukwa tidauzidwa kuti ndiwo msika. Koma ndikakolola, msika wa dziko lonse lapansi uja umatsekedwa pamaso panga ndi chikalata chimodzi. Mu Ogasiti 2008 boma lidaletsa amalonda wamba kuchita malonda a chimanga, n'kulamula kuti ADMARC izigula pa K45 ndi kugulitsa pa K52 pa kilogalamu. Mu 2017 tidakolola bwino pamene mayiko a kummawa kwa Africa anali pa chilala ndipo ankafuna chimanga, koma chiletso chotumiza chimanga kunja chidakhalapobe mpaka Okutobala, alimi ang'onoang'ono atagulitsa kale. Chaka chimenecho mtengo woyambira umene boma lidalengeza unali K170 pa kilogalamu, koma m'midzi chimanga chinkapita pa ndalama zosafika K100. Chipata chitatsegulidwa adapindula ndi amene anali ndi nyumba zosungiramo katundu ndi ndalama zodikirira, ndipo mu Febuluwale 2018, ife tisanakololenso, chipatacho chidatsekedwa kachiwiri. Mlimi amagula pa mtengo wa kunja n'kugulitsa pa mtengo wa m'khola, ndipo kusiyana kwa mitengo iwiriyi ndi msonkho umene Nyumba ya Malamulo sidaukambiranepo.

Kuti ndisaoneke ngati ndikulankhulira thumba langa lokha, nditchulenso chiletso chimene chidakomera alimi ngati ine. Mu Malichi 2025 Unduna wa Zamalonda udaletsa kulowetsa m'dziko muno katundu wina, kuphatikizapo mbatatesi, anyezi, mpunga ndi ufa wa chimanga. Ambiri kuno adakondwa, inenso poyamba ndidakondwa. Koma mwezi wotsatira dziko la Tanzania lidabwezera potseka malire ake ku zokolola zathu, ndipo amalonda ang'onoang'ono a ku Karonga adalira mpaka maboma awiriwa atakambirana. Pamenepo ndidazindikira kuti dzanja lotha kutseka chipata usiku umodzi pondithandiza lingathenso kuchitseka usiku wina pondipweteka, ndipo kuti sindingadandaule za chiletso cha 2017 kwinaku ndikuombera m'manja cha 2025. Mlimi amaganiza mu Okutobala za chimene adzagulitse mu Meyi ndi Juni. Wamalonda wofuna kumanga nyumba yosungiramo chimanga pa Lizulu amaganiza za zaka khumi. Onse awiri sangaike ndalama zawo pansi ngati malamulo angasinthe mbewu ili m'munda.

Pempho langa pa mfundo imeneyi ndi limodzi. Popeza lamulo latsopano la Control of Goods Act lidavomerezedwa mu 2018, chiletso chilichonse cha malire chikhale ndi muyeso wolembedwa ndi wolengezedwa mvula isanagwe: kuti chimanga cha m'dziko chikachepera matani akutiakuti malire adzatsekedwa, chikaposa pamenepo adzakhala otsegula kwa aliyense, popanda chiphaso chimene kopaletivi ya alimi a ku Tsangano singachifike. Muyesowo mungauike pamene akatswiri anu aona kuti n'poyenera. Ife tikungofuna kuudziwa tisanagule mbewu.

Ndikudziwa chimene boma limaopera kusiya chimanga m'manja mwa msika, ndipo mantha amenewo ndimawalemekeza. Aliyense wa msinkhu wanga amakumbukira 2002, pamene chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, mtengo udakwera kangapo m'miyezi yochepa, anthu adadya gaga, mizu ndi chimanga chosakhwima, ndipo tidaika maliro amene sitikadayenera kuika. Komanso mabanja ambiri a kuno, ngakhale amatchedwa alimi, amagulitsa chimanga mu Meyi n'kudzagulanso mu Januwale pa mtengo wokwera kwambiri, kotero kuti munthu mmodzi yemweyo amafuna mtengo wokwera pokolola ndi wotsika pa nthawi ya njala. Nkhokwe ya dziko ikufunika, ndipo bungwe la NFRA, loyang'anira nkhokwe za chimanga za boma, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi ntchito imene wamalonda aliyense sangaigwire, chifukwa palibe wamalonda amene angasunge chimanga zaka ziwiri podikira chilala chimene mwina sichibwera. Chimene ndikudandaula ndi nthawi. Wogula wa boma akafika pa msika mu Ogasiti kapena Sepitembala, amapeza chimanga chili kale m'manja mwa mavenda, ndipo mtengo wabwino umene wabwera nawo umapita kwa iwo. Kuyambira 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, mwezi womwe chimanga chikuuma m'munda. Ndalama zogulira chimanga zikhale m'gulu la ndalama zoyamba kutuluka, kuti mu Meyi ndi Juni mlimi akhale ndi wogula wachiwiri amene angamuloze pokana woyamba.

Pachifukwa chomwecho, mitengo yoyambira imene Unduna wa Zaulimi umalengeza chaka ndi chaka imakhala pepala chabe ngati palibe amene waima pa msika ndi ndalama kuti agule pa mtengowo. Kutumiza apolisi kukagwira venda wogula motsika sikuthandiza mayi amene akufuna ndalama ya mankhwala lero, pakuti venda akathamangitsidwa masana amabwera usiku pakhomo, mtengo utatsikanso chifukwa cha chiopsezo. ADMARC idatsekedwa mu 2022, antchito ake n'kuchotsedwa kuti bungwelo likonzedwe. Ngati likukhalapobe, likhale wogula mmodzi pakati pa ogula ambiri, wofika msanga ndi wolipira pompo, ndipo lisapatsidwenso mphamvu yokhala lokha.

Nkhani ya mtengo wa chimanga ndi nkhani ya ntchito, ndipo apa ndikupempha kuti mundimvetsere modekha, chifukwa ndi pamene umphawi wa kwathu kuno umaberekerana. Mu Januwale ndi Febuluwale munda umafuna mwini wake tsiku lililonse, kupalira, kubandira ndi kuthira feteleza wobereketsa. Ndi miyezi yomweyo imene ufa umatha m'nyumba. Bambo amanyamula khasu, n'kuwoloka msewu kupita ku Angonia, dera la ku Mozambique, kapena kwa mnansi wopeza bwino, kukagwira ganyu wolipidwa chidebe cha chimanga kapena gaga, ndipo mayi amatsatira mawa lake atabereka mwana. Chimanga chikakwera mtengo, ofuna ganyu amachuluka, malipiro a ganyu amatsika, ndipo masiku ofunika kuti banja lipeze chakudya cha sabata amachuluka. Munda wawo umamera udzu. Pokolola amapeza zochepa, amagulitsa msanga kuti abweze katapila amene adatenga mu Febuluwale, ndipo chaka chotsatira ufa umatha mu Novembala. Wophunzira za chuma anganene kuti mphamvu za munthu zapita kumene zikulipidwa, ndipo pa pepala zili choncho. Koma munthu ameneyu akudziwa bwino lomwe kuti tsiku limodzi lopalira munda wake likadamupatsa zambiri mu Meyi kuposa chidebe chimene walandira lero. Akusiya chachikulu n'kutenga chaching'ono chifukwa ana sangadikire Meyi. Dziko lonse limataya pamenepa, pakuti chimanga chimene chikadamera m'munda uja sichimera paliponse.

Dziko lino lili ndi mbiri yaitali ya anthu ogwira ntchito imene sakadatha kuikana. Msonkho wa nyumba wa atsamunda udatulutsa amuna m'midzi kuti akafune ndalama, thangata idagwiritsa anthu ntchito yaulere m'minda ya azungu mpaka kukhala chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, ndipo mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela ndi Theba adanyamula anyamata athu kupita ku migodi ya ku South Africa, ulendo umene udaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, n'kudzathera mu 1988. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti m'malamulo a ntchito. Lero palibe mzungu kapena kapitawo wokakamiza munthu, komabe achinyamata a ku Ntcheu ndi ku Dedza akugulitsa njinga ndi mbuzi kuti apeze ndalama ya basi ya ku Joni, ena n'kumakagwira kabaza ku Lilongwe. Sindikupempha kuti aliyense aletsedwe kuchoka. Ufulu wopita kumene ntchito ikulipira bwino ndi ufulu weniweni, ndipo ndalama zimene amatumiza zafolera nyumba zambiri ndi malata. Ndikupempha kuti kukhala pamudzi n'kulima kukhalenso chinthu chimene mnyamata wanzeru angachisankhe ataŵerengera bwino, ndipo zimenezo sizingatheke ngati akuona bambo ake akudyeredwa masuku pamutu chaka ndi chaka.

Boma lili kale ndi zida zothandizira pa nthawi yovutayi, ndipo chofunika kwambiri ndi kuzigwiritsa ntchito pa mwezi wake. Ndalama za Mtukula Pakhomo ndi chimanga cha chithandizo zikafika mu Disembala zimasunga munthu m'munda mwake, pomwe zikafika mu Malichi zimangopulumutsa moyo munda utatayika kale. Ntchito za chitukuko zolipidwa, monga kukonza misewu ndi kukumba migula, ziziikidwa m'chilimwe pamene manja ali omasuka, zisamalimbirane munthu ndi udzu wa m'munda mwake. Feteleza wotsika mtengo, kuyambira pa Starter Pack ya 1998, FISP ya 2005 mpaka AIP ya 2020, wakhala akudya gawo lalikulu la ndalama za Unduna wa Zaulimi. Anthu angatsutsane ngati ndalamazo zikadagwira ntchito yoposa pa ulimi wothirira, alangizi ndi misewu, ndipo mtsutso umenewo ndi woyenera, koma palibe angatsutse kuti thumba lofika chimanga chitamasula ndi ndalama yotayika.

Kwa inu a Bwanamkubwa ndi makhansala, zopempha zanga ndi zazing'ono ndipo zili m'manja mwanu. Tikiti ya pa msika timalipira, ndipo sindikuitsutsa, popeza msika umafuna kusesedwa ndi kulondera. Ndikupempha kuti gawo lodziwika la ndalama zotoleredwa pa msika uliwonse lizitsala pa msika womwewo, ndipo chinthu choyamba kugulidwa chikhale sikelo yaikulu ya anthu onse, yoyesedwa ndi kudindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards, yoyang'aniridwa ndi komiti ya alimi ndi amalonda pamodzi. Khonsolo ili ndi mphamvu yopanga malamulo a m'boma lake, ndipo lamulo lakuti mbatatesi, anyezi ndi nyemba zopikulitsa zizigulidwa pa kilogalamu silichotsera munthu ufulu, chifukwa mtengo udzakhalabe wokambirana. Chidzatha n'chigamba cha pa thumba basi. Lamulo lotere lingagwire bwino mutagwirizana ndi anzanu a khonsolo ya Dedza, kuti wopikula wokana sikelo pa Lizulu asangopitirira kukagula pa Bembeke. Pambali pa sikeloyo pakhale bolodi lolembapo m'mawa uliwonse wa tsiku la msika mitengo ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kuti chimene wopikula akudziwa nayenso mlimi achidziwe.

Chachikulu pa zonse ndi mosungira. Shedi yozizira bwino, yolowa mphepo ndi yotchinga dzuwa, momwe mlimi angasiye matumba ake kwa sabata imodzi kapena ziwiri pa malipiro ochepa, ingasinthe kukambirana konse kwa pa msika, popeza mawu akuti "ndidikira" adzakhala ndi tanthauzo. Pa chimanga, soya ndi nyemba, dziko lili kale ndi lamulo la 2018 la malisiti a nyumba zosungiramo zokolola, lolola mlimi kusungitsa mbewu zake, kulandira lisiti, n'kukongola ndalama pa lisitiyo podikira mtengo wabwino. Nzeru imeneyi ndi yabwino, koma mlimi wa matumba asanu sangaifike ngati nyumbayo ili kutali. Ibweretseni pa misika yathu, ndipo lolani makalabu aziphatikiza matumba a mamembala awo pa lisiti imodzi. Msewu wa Tsangano wopita ku Neno ndi ku Mwanza, umene takhala tikuumva m'malonjezo kwa zaka zambiri, nawonso ndi nkhani ya mtengo, chifukwa kumene galimoto zimafika movutikira ogula amakhala ochepa, ndipo ndalama yokonzetsera galimoto imachotsedwa pa thumba la mlimi.

Za malire ndinene mwachidule. Anthu a mbali ziwiri za msewu uno ndi amodzi, Angoni ndi Achewa okwatirana ndi oikana maliro, ndipo pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, isanathe mu 1992, tidagawana nawo minda ndi zitsime. Chaka cha njala kuno chimanga cha ku Angonia ndicho chimatipulumutsa, chikubwera pa njinga thumba limodzilimodzi. Malonda ang'onoang'ono amenewa azindikiridwe ndi kupeputsidwa, pakuti lamulo lililonse lovuta kulitsata pa malire ngati ano limangosandutsa anthu olungama kukhala oyenda usiku.

Nafenso alimi tili ndi mbali yathu, ndipo monga mlembi wa kalabu ndimaiona. Timapangana kuti tigulitsa pamodzi, koma wogula akafika ndi ndalama m'manja ena amagulitsa mseri. Ena amaika miyala kapena mbatatesi zowola pansi pa thumba, n'kupatsa wopikula chifukwa chotalikitsira thumba lake. Zimenezi tikulimbana nazo m'makalabu ndi m'mabanki a m'khonde, ndipo ndaona kuti banja limene lingathe kukongola ndalama ya chipatala ku gulu lake siligulitsa mseri. Komabe gulu la anthu 25 silingamange msewu, silingadinde sikelo, ndipo silingadziwe tsiku limene malire adzatsekedwe.

Ndikukupemphani, Olemekezeka, kuti mubwere pa Lizulu tsiku la msika m'nyengo yokolola, popanda mdipiti wa magalimoto ndiponso osalengeza, muime pambali pa mlimi mmodzi kuyambira pamene ngolo ikutsitsa matumba mpaka pamene akulandira ndalama, ndipo mumufunse ndalama zimene adalowetsa m'mundamo. Kaundula wa kalabu yathu ndi wotsegula kwa inu ndi kwa alangizi anu. Yankho pa nkhani ya muyeso wa chiletso cha malire tikulifuna Okutobala asanafike, chifukwa ndi mwezi umene timasankha kukula kwa munda wa chimanga ndi wa nyemba.

Ine wanu mwaulemu,

Mlimi ndi mlembi wa kalabu ya alimi,
kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu